Ulendo wozungulira Zomba yakale pa Sienta, ndi malume anga

Loweruka lapitali malume anabwera kuchokera ku Mayaka ndiye ndinati tiyeni tiyese mnyamata uja amazungulitsa alendo malo akale mtauni muno pa Sienta yake. Mtengo ndi wokambirana, ife tinanenerera mpaka anatsitsako, musamangovomera woyamba.

Poyamba anatipititsa ku nyumba ya malamulo yakale. Ine ndimaganiza azingotiuza zoti Zomba linali likulu mpaka 1975 basi, zomwe mwana wa pulaimale aliyense amadziwa, koma ayi mnyamatayu nkhani akuidziwa. Akuti ufulu tinalandira pa 6 July 1964 koma miyezi iwiri yokha nduna zinayambana ndi Kamuzu, nkhani zake za tiki (kandalama ka mapeni atatu) imene anthu amayenera kulipira ku chipatala, azungu kukhalabe pa mipando ya m'boma, komanso ubale ndi Apwitikizi, ndiye Orton Chirwa, Kanyama Chiume ndi Augustine Bwanausi anachotsedwa, Chipembere ndi Yatuta Chisiza anatula okha pansi. Mtsutso wake unachitikira m'nyumba yomweyi mu September. Za tikizo ine ndinali ndisanamvepo.

Atafika pa nkhani ya 1983, ya nduna zitatu Gadama, Matenje ndi Sangala komanso phungu Chiwanga amene anagwidwa kuno ku Zomba n'kukaphedwa ku Mwanza boma n'kunena kuti ndi ngozi ya galimoto, malume anayamba kuyang'ana uku ndi uku ndikunena motsitsa kuti "mwana iwe tsitsa mawu". Tinaseka koma iwo sanaseke. Zaka zoposa 30 chiponyereni voti ya nyali ndi tambala yosankha matipate mu June 1993, mantha akadali m'thupi.

Apa ndi pomwe ndinaona pofooka pa gaidi wathuyu. Madeti ali nawo m'mutu, koma ndi wobadwa nthawi ya matipate, za ayufi kuima pa geti la msika kufunsa kadi ya chipani anangozidutsa. Malume ndi amene anatenga malo, kufotokoza mmene ayufiwo ankabwezera munthu ndi nkhuku yake chifukwa wayiwala kadi kunyumba, mpaka mnyamatayo anatulutsa foni kuyamba kulemba.

Pa ndende yaikulu tinangoima panja pa msewu, anatikumbutsa kuti Orton Chirwa anafera mmenemo mu 1992, chaka chomwe mabishopu a Katolika anatulutsa kalata ija yodzudzula boma, ana a ku Chanco n'kuguba.

Chondinyansa ndi chimodzi, ku ndende ya Mikuyu sitinafike ngakhale tinagwirizana, akuti mafuta achepa, koma chenji sanabweze. Komanso foni imangolira, makasitomala a ku Songani kumufuna.

Ndimupatsa 4 pa 5. Mukamapita tengani munthu wamkulu amene anaziona. Malume akuti mwezi wa mawa tibwererenso ku Mikuyu konko, ali ndi mnzawo wa pasukulu amene anatsekeredwako ndipo iwo eni sanaonepo malowo.