Defender ndi Land Cruiser 300 pakati pa mtsinje

Pa pepala, Land Rover Defender ya 2020 ndiyo imapambana. Imawoloka madzi akuya mamilimita 900, pamene Toyota Land Cruiser 300, yomwe idatuluka mu 2021, imalekezera pa 700. Defender ilinso ndi timasensa pa magalasi a m'mbali toyeza kuya kwa madzi, dalaivala n'kumaona pa sikirini.

Koma chimene chimapha galimoto m'madzi ndi polowera mpweya. Injini ikangomwa madzi, pisitoni imalephera kuwapanikiza, ndiye zitsulo zam'kati zimapindika. Apa dizilo imavulala kwambiri chifukwa imapanikiza mwamphamvu kuposa petulo. Ubwino wake, ilibe ma pulagi oti anyowe, komanso imakoka bwino ikuyenda pang'onopang'ono. Injini ya dizilo ya V6 (ya masilinda 6) ya malita 3.3 mu Land Cruiser imatulutsa mphamvu yokoka ya 700 Nm, yokwanira kukankha madzi pa giya yotsika popanda kuthamangitsa injini.

Defender ina ili ndi injini ya petulo ya V8 (ya masilinda 8) ya malita 5, yokoma kuimva ikamalira, koma imamwa mafuta ngati chidakwa.

Ine ndingatenge Land Cruiser ya dizilo n'kuiikira snorkel, paipi yokweza polowera mpweya kuti pakhale m'mwamba. Ikafa kumudzi, makaniko woidziwa Toyota sasowa.