Shopu yobwereketsa njinga ku Bourg d'Oisans: njinga yabwino, koma mabuleki anandichititsa manyazi

Ndinabwereka njinga pashopu ina ya mtauni ya Bourg d'Oisans ku France tsiku lomwe gawo lina la mpikisano waukulu wa njinga wa Tour de France limakathera pamwamba pa phiri la Alpe d'Huez, pa 14 July 2022, ndipo amene mukuganiza zopita kukaonera mpikisanowu mmbali mwa msewu mwina zingakuthandizeni. Ine ndimakhala ku Leeds ku UK, kunyamula njinga yanga pandege ndinaona kuti ndi chintchito, ndiye ndinabukitsa pa intaneti kudakali miyezi. Apa ndiwayamikire, sabata ya Tour katauni aka kamadzaza moti ena amene anangofika mmawa omwewo ndinawaona akubwezedwa pakhomo, koma yanga ndinaipeza ili tayale, dzina langa atamata pa handulo.

Mnyamata wapashopupo anandiyeza kutalika, kukweza chishalo, kundifunsa ngati ndikufuna mapedulo wamba kapena omangirira nsapato aja. Kenako anandiyang'ana thupi lonse, mimba yanga inayankha yokha, nkundisinthira njinga kundipatsa ya magiya opepuka. Poyamba zinandinyansa pang'ono, ine munthu woti ndinakula ndikupalasa Humber ya agogo thumba la chimanga lili kumbuyo. Koma aise mnyamata uja anandipulumutsa. Phiri lija ndi makilomita 13.8, makona 21, ndipo amawerenga chobwerera, pansi ndi 21 pamwamba ndi 1, kona iliyonse ili ndi chikwangwani cha dzina la munthu amene anawinapo pamenepo, yoyambirira ndi ya Fausto Coppi wa 1952. Poipitsitsa ndi poyambirira penipeni, kuchoka pansi kukafika kamudzi ka La Garde msewu umangoima ngati khoma, msewu wa Ku Chawe uja ndi masewera. Ndinafika pa La Garde lilime lili panja ndili pa giya yomaliza, ndikanakhala pa njinga ndinasankha ndekha ija bwenzi ndikukankha.

Malangizo awo anali a ndalama kuposa njingayo. Anati nyamukani mmamawa chifukwa apolisi amatseka msewu ngakhale kwa apanjinga nthawi isanakwane, tengani mabotolo awiri a madzi, ndipo musalimbane nzokafika pamwamba, kaimeni pa kona 7. Kona imeneyi ndi ya ma Dutch, aliyense wavala olenji, pali katchalitchi pambali, masipika, mowa kuyambira mmawa, anthu ena anagona pompo masiku angapo atapenta msewu wonse. Ndinakhoma njinga kumpanda ndi loko yomwe anandipatsa ulere, nkukhala padzuwa maola ambirimbiri, ndipo kunatentha tsiku limenelo ngati Nsanje mu October. Kunayamba kudutsa magalimoto otsatsa malonda aja akuponya zipewa ndi timaswiti, azibambo akuluakulu kulimbirana kachipewa ngati ana. Kenako helikoputa, phokoso kumakwera kuchokera kumunsi, basi Tom Pidcock, amene anawina tsikulo, uyo yekhayekha akung'amba chigulu cha anthu, mwana wa zaka 22 wa ku Leeds konkuno. Kumbuyo kwake Louis Meintjes wa ku Joni, ine kukuwa mpaka mawu kutha ngati ndi mbale wanga, kenako Chris Froome amene anathera pa nambala 3. Vingegaard, atavala jezi yachikasu yomwe amavala amene akutsogola mpikisano wonse, anadutsa limodzi ndi Pogačar yemwe amalimbana naye patapita timphindi. Tsiku lathunthu kudikira, aliyense kumuona masekondi ochepa, koma sindinadandaule olo pang'ono.

Tsopano dandaulo langa. Ku UK buleki yakutsogolo imakhala kudzanja lamanja, ku France ili kumanzere. Palibe anandiuza, chonsecho anamva Chingerezi changa ndipo adiresi yanga ya Leeds inali pafomu pawo. Pokwera sugwira mabuleki ndiye sindinazindikire kanthu. Potsika, anthu masauzande akutsikira limodzi, ena wapansi ena panjinga ena ataledzera, mayi wina anangotulukira kutsogolo kwanga, ine kufinya kumanzere mwamphamvu poganiza kuti ndi yakumbuyo, tayala lakumbuyo kunyamuka, ndinakapezeka ndakumbatira bambo wina wovala olenji. Sindinavulale, iye anangoseka nkundipatsa mowa, koma zikanachitika pa liwiro bwenzi tikukamba zina. Nditawauza madzulo anati akanatha kundisinthira ndikanapempha. Ndikanapempha bwanji chinthu choti sindikuchidziwa? Shopu yolandira alendo ochuluka chonchi imayenera kufunsa yokha.

China, mkachikwama kapansi pa chishalo munali chubu ndi zochotsera tayala koma pampu munalibe, ndinazindikira ndili kale kuphiri, mwayi tayala silinaphwe. Dipoziti yomwe anagwira pakhadi inatenganso masiku angapo kuti ibwerere, ngakhale apa mwina vuto ndi banki yanga. Mbali yabwino, anadikira mpaka usiku osatseka podziwa kuti tonse titsika mochedwa, ndipo sanandilipiritse kanthu pa kukalika kwa handulo.

Ndikuwapatsa nyenyezi 4 pa 5. Ndidzabwerekanso pompo, koma ndisanatuluke pakhomo ndidzayamba ndafinya mabuleki onse awiri nkuona tayala lomwe laima.