Iceland kapena Azores: kumene ndingatumize m'bale wofuna kuona akasupe otentha

Chibwerereni ku Azores, zilumba za dziko la Portugal, mu Meyi 2024, ine ndi akazi anga takhala tikufunsidwa funso limodzimodzi ndi anzathu a kutchalitchi kuno ku Manchester: munthu amene wasunga ndalama zokwanira ulendo umodzi wokha, ndipo akufuna kukaona madzi otentha otumphuka m'dera la mapiri ophulika, alowere ku Iceland kapena ku chilumba cha São Miguel ku Azores? Konse kuwiri tinapondako, koma ndinene poyambirira kuti pa nkhaniyi ndili ndi mbali, chifukwa ulendo wa ku Iceland unandisiyira chilonda chimene mpaka lero sichinapole.

Pa za mapepala palibe kusiyana, pakuti Iceland ndi Portugal onse ali m'chigawo cha Schengen, cha mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito visa imodzi, ndipo wa pasipoti ya Malawi ayenera kupempha visa kulikonse kumene angasankhe. Pa za ndege Iceland ndiko kofupikirapo: kuchokera ku London ndi maola pafupifupi atatu kukatera ku Keflavík, pamene ku Ponta Delgada, mzinda waukulu wa São Miguel, ndi maola anayi, ndipo kawirikawiri munthu amayenera kusintha ndege ku Lisbon.

Pa zoona ndi maso, Iceland sindingaimane ulemu wake. Ife amene tinakulira pafupi ndi akasupe a ku Mawira ku Nkhotakota, kapena amene tinaimako pa Chiweta popita kumpoto, timadziwa madzi otentha amene amayenda mofatsa. Kasupe wotchedwa Strokkur ndi wamtundu wina: pakapita mphindi zisanu kapena khumi, madzi amatukumuka ngati mphika wa nsima ukamayamba kubwadamuka, kenako amathuvuka kukwera mamita 15 mpaka 20, nthunzi n'kuphimba anthu onse amene aima kumene mphepo ikulowera. Tinaima pamenepo ola lathunthu m'chisanu choluma zala, ndipo palibe amene anafuna kubwerera m'basi. Ku Furnas, m'chigwa cha São Miguel, kulibe chofanana nacho. Kuli maenje a madzi ndi matope owira pakati penipeni pa mudzi, onunkha sulufule ngati mazira osukusa, osangalatsa kuwaona koma osadzidzimutsa.

Tsono ndifike pa chimene chinandipweteka. Malo amene aliyense amalakalaka ku Iceland ndi Blue Lagoon, dziwe la madzi obiriwira motuwa lomwe zithunzi zake zadzaza pa Facebook. Ambiri sadziwa kuti dziweli si kasupe wachilengedwe: madzi ake ndi amene amatuluka pa malo opangira magetsi a Svartsengi, amene anayamba kugwira ntchito mu 1976. Zimenezi sizichepetsa kukoma kwa madziwo, koma chofunika kudziwa n'chakuti kumaloko anthu amasungitsiratu tsiku ndi ola. Ine, pofuna kupeputsa zinthu, mu Seputembala 2023 ndinalipira kudzera ku kampani ina ya pa intaneti yogulitsa maulendo, imene inamanga pamodzi basi, tikiti yolowera ndi chakudya chamasana cha anthu awiri. Zonse zinapitirira mapaundi 200, ndalama zimene akazi anga anazipeza pogwira mashifiti a usiku kunyumba yosamalira okalamba.

Kumayambiriro kwa Novembala chaka chomwecho, zivomezi zinachuluka m'dera la Reykjanes, kumene kuli Blue Lagoon. Dziwe lija linatsekedwa pa 9 Novembala, ndipo tsiku lotsatira anthu onse a m'tauni yapafupi ya Grindavík anasamutsidwa. Ife tinafika kumapeto kwa mwezi umenewo, malowo akadali otseka. Pa kutsekako ndilibe chodandaula chilichonse, chifukwa moyo wa anthu ndiwo unali patsogolo, ndipo phiri linaphulikadi pa 18 Disembala. Dandaulo langa lili pa kampani ya pakati ija. Nditalemba kupempha ndalama zanga, anandiyankha patapita masiku asanu ndi anayi kuti m'malamulo amene ndinavomera pogula munali ndime yonena kuti zochitika zachilengedwe sizibwezetsa ndalama. Anandipatsa kapepala koti ndidzagwiritse ntchito pa ulendo wina pasanathe chaka, atachotsapo kale gawo limene analitcha la ntchito yosungitsa malo. Ndimeyo inalipodi, m'timalemba ting'onoting'ono pansi pa tsamba lachitatu, ndipo ine sindinaiwerenge. Koma munthu amene visa yake ndi ya masiku owerengeka, amene tchuthi chake amachipempha miyezi isanu chisanafike, angabwerere bwanji ku Iceland chaka chisanathe? Kapepalako kanafera m'foni. Tinapulumukira pa dziwe la anthu onse la Laugardalslaug mu Reykjavík, kumene madzi ake amatenthetsedwa ndi moto wa pansi womwewo, mtengo wake ndi wochepa, ndipo eni dziko amacheza m'madzi madzulo akaweruka kuntchito. Kumeneko muyenera kusamba thupi lonse ndi sopo, mutavula zonse, musanalowe m'dziwe. Kwa ife Amalawi zimenezi n'zochititsa manyazi poyamba, koma ndi lamulo limene salinyengerera.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti tinangogwa m'tsoka la nyengo imeneyo. Komabe dera la Reykjanes laphulika kambirimbiri kuchokera nthawi imeneyo, ndipo mu Novembala 2024 chiphalaphala chinakwirira malo oimika magalimoto a padziwe lija. Wopita kumeneko asungitse malo mwachindunji kwa eni dziwe, osati kudzera mwa amkhalapakati, ndipo awerenge za kubweza ndalama asanalembe nambala ya khadi.

Apa ndi pamene Furnas ananditengera mtima. Phiri la kumeneko linaphulika komaliza mu 1630, ndipo ngakhale moto wake ukadali pansi, mudziwo umakhala mwabata. Chachikulu n'chakuti ndalama zambiri zimakhala m'thumba mwanu mpaka mutafika. Pa munda wa Terra Nostra tinalipira pachipata, n'kulowa m'dziwe lalikulu lozunguliridwa ndi mitengo yakalekale, madzi ake ofunda pakati pa madigiri 35 ndi 40. Madziwo ndi ofiirira ngati a mtsinje m'nyengo ya dzinja, chifukwa cha chitsulo chimene chili m'menemo, ndipo amathimbiritsa chovala chowala ndi thawulo loyera, choncho tengani zakuda kapena zakutha. Malo ena ang'onoang'ono amafuna kusungitsiratu ola, koma ndalama zake ndi mayuro ochepa, zoti zitatayika munthu sangalephere nazo kugona. Kumadzulo kwa chilumbacho, pa Ponta da Ferraria, madzi otentha amatulukira m'nyanja yamchere momwemo, ndipo timasambamo ulere titagwira zingwe zimene anamanga pamiyala. Pitani nthawi imene nyanja yaphwa, chifukwa ikadzaza madzi ozizira amagonjetsa otenthawo.

Chakudya nachonso chinakometsa mbali ya Azores. M'mphepete mwa nyanja ya Furnas amakwirira miphika m'maenje a nthaka yotentha m'bandakucha, ndipo patapita maola asanu ndi limodzi kapena kuposerapo amaifukula masana alendo akuonerera. Chakudyacho amachitcha cozido: nyama ya ng'ombe, ya nkhumba, nkhuku, masoseji, kabichi, mbatata ndi koko, zonse zopsa ndi nthunzi ya pansi popanda nkhuni ngakhale imodzi. Mbale imodzi inatikwanira awiri. Koma chimene akazi anga amachikumbukirabe ndi mondokwa: pafupi ndi maenje owira aja amamiza matumba a chimanga chachiwisi m'madzi otentha, n'kumagulitsa chimodzichimodzi kwa odutsa. Tinadya titakhala pakhoma, ndipo iwo anati pakusowa mchere wa tsabola wokha kuti pakhale pa Lizulu. Ku Iceland nakonso amaphika buledi m'nthaka ku Laugarvatn kwa tsiku lathunthu, ndipo ndi wokoma, koma chakudya cha m'malesitilanti kumeneko n'chodula kotero kuti masiku ambiri tinkadya masangweji a m'sitolo.

Zovuta za São Miguel ndi ziwiri. Mvula imagwa nthawi ina iliyonse, ngakhale m'mawa kutacha bwino, ndipo mabasi ndi ochepa, moti popanda kubwereka galimoto ulendo wa mphindi 45 wochokera ku Ponta Delgada kukafika ku Furnas umasanduka wa tsiku lonse. Amene alibe laisensi awerengere zimenezi. Kwa abale a ku Angónia ndi ku Tete amene amalankhula Chipwitikizi, ku Azores adzamva ngati kwawo pofunsa njira ndi pokambirana mitengo.

Amene cholinga chake ndi kuona madzi akuthuvuka kumwamba, ndipo thumba lake lingapirire ngati chimodzi mwa zimene analipira chitalephereka, apite ku Iceland m'chilimwe cha kumeneko, pamene dzuwa silifulumira kulowa, osati mu Novembala ngati ife. Koma mlongo wanga atandiimbira kuchokera ku Leicester kufunsa za tchuthi chake choyamba ndi ana, ndinamuuza kuti agule matikiti a ku Ponta Delgada, agone masiku awiri mu Furnas momwemo, ndipo asalipire kalikonse kwa kampani imene sakuidziwa nkhope.