Wi-Fi yavuta mutapanga update: kuiwala netiweki, kuyeretsa makonzedwe, kufufuta zonse kapena kuflasha?

Dzulo foni inali bwinobwino. Usiku munaivomereza kuti ilowetse update, m'mawa mwapeza Wi-Fi ikungolumikiza n'kuduka, kapena ikunena kuti yalumikiza koma intaneti palibe. Kwa ena ndi sipika ya Bluetooth imene yasiya kuoneka. Mukafunsa anzanu mumva mayankho anayi: iwalani netiweki n'kulowanso, yeretsani makonzedwe a netiweki, fufutani zonse, kapena pitani nayo kwa okonza mafoni akaiflashe. Njira zinayizi sizilemera mofanana, ndipo chimene chimandiwawa n'chakuti ambiri amathamangira yomalizayo, imene imawononga kwambiri.

Musanasankhe, bwerekani foni ya mnzanu ayatse hotspot, inu muyese kulumikiza. Ikalumikiza bwino, kachipangizo ka Wi-Fi m'foni mwanu n'kamoyo, ndiye kuti kusamvana kuli pakati pa foniyo ndi rauta kapena MiFi yanu. Pamenepo zimitsaninso rautayo kwa kamphindi n'kuiyatsa.

Njira yoyamba ndi kuiwala netiweki. Mumalowa pa dzina la Wi-Fi, n'kudina Forget, n'kulembanso pasiwedi. Simutaya kanthu kupatula pasiwedi imodziyo. Ambiri amainyoza chifukwa ndi yophweka, koma nthawi zina imathandiza. Ikakanika, pali chinthu china choti muone pa netiweki yomweyo. Foni iliyonse ili ndi nambala yake yodziwika nayo pa Wi-Fi, yotchedwa MAC address. Kuyambira pa Android 10 mu 2019 ndi iOS 14 mu 2020, mafoni anayamba kubisa nambala yeniyeniyo n'kumapereka ina yongopanga pa netiweki iliyonse, pofuna kuti anthu asamakulondolani kumene mwadutsa. Maganizowo ndi abwino. Vuto limabwera pa rauta za ku ofesi, ku sukulu kapena kumalo ogona alendo, zimene zimangolola mafoni amene nambala zawo zinalembedwa kale. Foni ikabwera ndi nambala yachilendo, rauta imaiona ngati mlendo wosaitanidwa, n'kuitsekera kunja. Mankhwala ake ndi kuzimitsa Private Wi-Fi Address pa netiweki imeneyo yokha ngati ndi iPhone, kapena kusankha Phone MAC pa Samsung, ndipo pa mafoni ena a Android pamalembedwa Use device MAC. Dziwani kuti vuto la mtundu umenewu silingathe ngakhale mufufute foni yonse katatu, chifukwa ikadzuka idzabisanso nambalayo.

Njira yachiwiri, kuyeretsa makonzedwe a netiweki, ndi imene ine ndimaidalira kwambiri yoyambayo ikakanika. Pa iPhone ili pa Settings, General, Transfer or Reset iPhone, Reset, kenako Reset Network Settings. Pa Samsung ili pa General management, kenako Reset. Imasesa mapasiwedi onse a Wi-Fi, makonzedwe a VPN (pulogalamu yodutsitsa intaneti yanu pa seva ina) ndi a APN (amene amalumikiza data ya pa SIM), ndipo pa Android imaiwalanso zipangizo za Bluetooth zimene munazilumikiza. Pa iPhone dzina la foni limabwerera pa "iPhone", choncho musadabwe anzanu akalephera kupeza hotspot yanu. Zithunzi, mauthenga, WhatsApp ndi manambala a anthu sizikhudzidwa n'komwe. Imagwira chifukwa update imamanga pamwamba pa makonzedwe akale, ndipo nthawi zina zakale ndi zatsopano sizigwirizana. Mukasesa, foni imayambira poyera.

Kuipa kwake ndi mapasiwedi aja. Ngati Wi-Fi ya kuntchito anakulemberani ndi munthu wina amene anachoka kalekale, muionere pasiwediyo musanasese. Kuyambira pa iOS 16 mu 2022, iPhone imaonetsa pasiwedi mukadina pa netiwekiyo n'kutsimikiza ndi nkhope, chala kapena nambala yanu yotsegulira. Pa Android 10 kupita m'tsogolo pali batani la Share kapena QR code. Jambulani kachizindikiroko ndi foni ina. Ndipo ngati APN munachita kulemba pamanja, monga zimakhalira ndi mafoni ena obwera kuchokera kunja, ikopereni papepala, apo ayi mudzakonza Wi-Fi n'kupha data ya pa SIM.

Yachitatu ndi kufufuta zonse, foni ibwerere mmene inalili pochoka ku fakitale. Pano mpamene ndimapempha anthu kuti adekhe. Njirayi sichotsa update. Foni imadzuka ili pa pulogalamu yatsopano yomweyo, yangotaya katundu wanu yekha. Ngati cholakwika chili mu update mwenimwenimo, mwataya zithunzi za ana pachabe. Imathandiza pokhapokha ngati chikusokoneza ndi pulogalamu ina imene munaika nokha kapena zotsalira zakale, ndipo zimenezo mungathe kuzidziwa musanafufute. Pa Android yatsani foni mu Safe mode, mmene mapulogalamu onse oika nokha amagona. Wi-Fi ikagwira mmenemo, wolakwa ali pakati pa mapulogalamu anu, ndipo woyamba kumukayikira ndi VPN, makamaka zija zaulere zolonjeza intaneti yosalipira. Onaninso Private DNS, pamene mumasankha seva yopezera maadiresi a mawebusaiti, imene inabwera ndi Android 9: ngati munalembamo dzina la seva imene siikuyankha, foni imaoneka kuti yalumikiza koma palibe chotseguka. Ibwezeni pa Automatic.

Werengeraninso mtengo wake wobisika. Kusunga WhatsApp pa Google Drive kapena iCloud musanafufute kumafuna intaneti, ndipo popeza Wi-Fi ndi imene yafa, ndi bandulo yanu imene idzapserere. Mapulogalamu a banki ndi a ndalama za pafoni adzafuna kuti mulowenso mwatsopano. Choopsa kwambiri chili pa mafoni ogula kwa munthu: ngati m'fonimo muli akaunti ya Google kapena ya Apple ya mwini wake wakale, foni ikafufutidwa ingathe kufuna pasiwedi yake isanatseguke. Apple inayamba loko imeneyi ndi iOS 7 mu 2013, Google ndi Android 5.1 mu 2015. Mchemwali wanga anapereka foni yake pa benchi ina yokonzera mafoni chifukwa cha Wi-Fi yokha, anaifufuta osamufunsa, ndipo inakhala m'dirowa milungu ingapo tikusakasaka amene anamugulitsa.

Yachinayi ndi kuflasha, kutanthauza kulowetsanso pulogalamu yonse ya foni ndi kompyuta, nthawi zambiri pofuna kubwerera pa yakale. Pomva imakoma: update ndi imene yawononga, tiyeni tiichotse. Koma makampani anatseka khomo limeneli mwadala. Apple imasiya kuvomereza iOS yakale patangopita masiku ochepa yatsopano itatuluka, ndipo ikatero kompyuta imakana. Samsung ili ndi nambala ya bootloader (kapulogalamu kodzutsa foni ikamayaka) imene ikakwera sitsikanso, moti Odin, pulogalamu ya pa kompyuta yoflashira mafoni a Samsung, singalowetse pulogalamu ya foni ya nambala yotsika. Wokonza akafuna kudutsa mpanda potsegula bootloader, Knox, chitetezo cha m'mafoni a Samsung, imadzilemba kuti yathyoledwa, ndipo zinthu ngati Secure Folder, malo okhoma osungiramo zachinsinsi, zimasiya kugwira mpaka kalekale. Komanso update yakale imabweza mipata ija ya akuba imene yatsopano inatseka, pa foni yomwe mumasungiramo ndalama.

Mpikisano weniweni wa kuflasha ndi kudikira, ndipo kwa ine kudikira kumapambana. Vuto likakhala la update yeniyeni, siligwera inu nokha, ndipo phokoso la anthu ambiri limafulumizitsa kampani. Pa 24 September 2014 Apple inatulutsa iOS 8.0.1, imene inapha netiweki ya SIM ndi Touch ID, yotsegulira foni ndi chala, pa iPhone 6 ndi 6 Plus. Anaichotsa tsiku lomwelo, ndipo iOS 8.0.2 inatuluka mawa lake. Sikuti nthawi zonse zimathamanga chonchi, makamaka pa mafoni otsika mtengo amene ma update ake amabwera mwa apo ndi apo. Komabe, podikirapo mungayese kusuntha foni kuchoka pa Wi-Fi ya 5 GHz kupita pa ya 2.4 GHz ngati rauta yanu ili nazo zonse ziwiri, kapena kusintha chitetezo cha rauta kuchoka pa WPA3 kupita pa WPA2, ndipo nthawi zambiri mumapeza popumira.

Pali vuto limodzi limene njira zonse zinayi sizingalithe. Batani la Wi-Fi likatuwa ngati phulusa osadinika, kapena mukaliyatsa n'kudzizimitsa lokha, Bluetooth nayonso n'kufa limodzi, kayikirani kachipangizo ka m'kati, pakuti m'mafoni ambiri ziwirizi zimakhala pa chip imodzi. Izi zinavuta eni iPhone 4S ambiri m'nthawi ya iOS 6 ndi iOS 7, mpaka ena ankaika foni mu firiji kapena kuiwotcha ndi choumitsira tsitsi. Inkadzuka kanthawi n'kufanso. Musatero. Pa iPhone lowani pa General, About, muone mzere wa Wi-Fi Address. Ukakhala wopanda nambala, nkhani ndi ya pa bolodi. Pamenepo mpoyenera kupita kwa okonza mafoni, koma kwa amene amatsegula foni n'kugwira chip, ndipo mumuuze musanamupatse kuti asafufute kanthu musanavomere.