Kalasi ya Bharatanatyam ku Lenasia: mphunzitsi ndi katswiri, vuto ndi pansi

Makolo ena a Chimalawi kuno ku Joni akhala akufunsa ngati n'koyenera kutumiza ana ku kalasi ya gule wa Chimwenye imene imachitika Loweruka m'mawa m'holo ina ku Lenasia. Gule wake ndi Bharatanatyam, wochokera ku Tamil Nadu, kummwera kwa India. N'zosadabwitsa kumupeza kuno, popeza Amwenye ambiri amene anayamba kufika ku Natal mu 1860 kudzalima nzimbe anali ochokera kummwera kwa India.

Yankho lathu ndi lakuti atumizeni, koma muyambe mwaona pansi pamene azivinapo.

Kaphunzitsidwe kake sitikukadandaula. Mayi amene amaphunzitsa sathamangira kuonetsa makolo gule wathunthu. Miyezi yoyambirira mwana amalimbana ndi aramandi basi: zidendene pamodzi, zala za kumapazi zoloza m'mbali, mawondo otsegula, thupi lotsika ngati wakhala pampando woti palibe, msana uli njo. Ali momwemo amaphunzira tatta adavu, kuponda pansi ndi phazi lonse kuti limveke. Mitundu yake ilipo 8, ndipo uliwonse amauvina m'maliwiro atatu, lachiwiri kuwirikiza loyamba, lachitatu kuwirikizanso lachiwiri. Ng'oma kulibe. Mphunzitsi amagogoda kamtengo pakathabwa uku akutchula "tai ya tai", ndipo akangomva phazi limodzi latsalira amabwereza gulu lonse. Ana amanyinyirika, koma amene anadumpha gawo limeneli amadzaonekera poyera akafika pa natta adavu, pamene manja, maso ndi miyendo zimayenda limodzi.

Ana athu sasokera pa kagundidwe, khutu la ng'oma anabadwa nalo. Chimawavuta ndi chiuno. Mwana wozolowera chimtali akaponda kumanja chiuno chimatsatira chokha, pomwe m'gule ameneyu chiyenera kukhala duu. Mphunzitsiyu amawaimika motsamira khoma, n'kuwapondetsa osasuntha msana. Njirayi imathandizadi. Zizindikiro za dzanja limodzi, zimene zilipo 28, amaziphunzitsa zitatu kapena zinayi pa sabata, ana atakhala pansi akupumula. Pamenepa anaganiza bwino.

Tsopano pansi paja. Holoyi ndi ya matailosi oikidwa pa simenti, ndipo gule ameneyu amavina opanda nsapato. Pansi pa matabwa pamafwamphuka pang'ono n'kumeza mphamvu ya phazi, koma simenti imaibweza yonse ku chidendene, msongolo ndi bondo. Mwana akatopa mawondo ake amagwera m'kati m'malo moloza kumene zala zaloza, ndipo apa ndi pamene bondo limayamba kupweteka. Onjezerani chisanu cha June ndi July, matailosi ali zii ngati madzi a m'firiji. Kutenthetsa thupi kwa mphindi zisanu kumene amachita n'kosakwanira. Pamafunika mphindi 10 mpaka 15. Fikani msanga, mwana athamangethamange panja atavala masokosi ndi nsapato, avule pokhapokha akuyamba. Kunyumba asayeserere pakhonde la simenti. Ntchafu zikamawawa palibe chodabwitsa, koma ululu wobaya m'bondo ndi woti asiye kaye.

Pa zogula musapupulume. Salwar kameez (malaya aatali ndi thalauza lotakasuka) ya thonje ndi kansalu komanga m'chiuno n'zokwanira, ndipo mashopu a ku Oriental Plaza ku Fordsburg ndi poyambira pabwino. Manjerenjeza a m'miyendo, amene eni ake amati salangai, si a chaka choyamba. Mphunzitsi ndiye amanena nthawi yake. Funsaninso poyambirira za arangetram, kuvina koyamba kwa wophunzira yekha pagulu. Kumabwera patapita zaka zambiri, ndipo holo, oimba ndi zovala amalipira ndi makolo.

Chinanso choti banja likambirane: kalasi imatsegulidwa ndi namaskaram, pamene ovina amakhudza pansi kupepesa nthaka poti aipondaponda, ndipo pakona pali fano la Nataraja, yemwe ndi Shiva, mulungu wa Chihindu, akuvina. Nyimbo zambiri za m'tsogolo zimasimba za milungu ya Chihindu. Mphunzitsiyu sakakamiza mwana kugwadira fanolo, koma Mkhristu kapena Msilamu amene zimenezi zingamukhumudwitse akalankhule naye asanalipire mwezi woyamba.