Ndemanga yanga pa Boxer BM 150, patatha zaka 6 ndikuyenda nayo kuno ku Mulanje

Lamlungu lapitali kunabwera mnyamata wa kutchalitchi kwathu, ndalama zake za nandolo zili m'thumba, kudzafunsa njinga yamoto yoti agule. Tinakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, ndipo potsanzika anati, "Malume, zimenezi mulembe, anzanga ambiri akungogula mwachimbulimbuli." N'chifukwa chake ndalemba. Ine si makaniko, komanso sindigulitsa njinga. Ndili ndi kamunda ka tiyi chakuno ku Mimosa, ndipo nyengo ya zinanazi ndimapikula n'kukagulitsa ku Limbuli ndi pa Chitakale. Njinga zamoto ndakhala nazo zitatu, koma imene yandikhazika mtima pansi ndi iyi ndili nayo panopa, Bajaj Boxer BM 150, imene ndinagula yatsopano mu 2019.

Kuti mumvetse chimene ndimaikondera, ndiyambe ndi ziwiri zoyambazo.

Yoyamba inali Yamaha DT 125. Ndinaigula yakale mu 2012, bungwe lina litagulitsa njinga zimene alangizi ake ankayendera. Amene munakulira kumudzi mukuidziwa bwino: yaitali, madigadi ali m'mwamba, kulira kwake kowonda kumamveka iyo isanatulukire pakhonde la sukulu. Pamatope sindinaonenso inzake. Tayala lakutsogolo ndi lalikulu, la mainchesi 21, ndiye limangodumpha mizu ndi tizigwembe popanda kukuponya. Njira za m'minda ya tiyi zokwera chakuphiri, zimene mvula ikagwa katondo wake amaterera ngati therere, DT inkakwera ikung'ung'udza, ine ndili phee pampando. Koma injini yake ndi ya two-stroke, imawotcha petulo limodzi ndi oyilo. Ili ndi kathanki kapadera ka oyilo wa 2T, ndipo ukaiwala kuthiramo injini imagwira. Ndiye ndalama zinkatuluka pawiri. Mpando wakenso ndi wopapatiza, anaupangira munthu mmodzi ndi chikwama cha mapepala, osati madengu a zinanazi. Ndinaigulitsa mu 2016 fizi ya mwana itandipanikiza, ndipo mpaka lero ndikamva kulira kwa DT mumsewu ndimacheuka.

Yachiwiri sinditchula dzina lake, chifukwa anthu ambiri ali nazo ndipo akudyetsera ana awo. Ndinakaigula ku Milange m'dziko la Mozambique, kungowoloka malire pa Muloza, mu 2017. Inali yonyezimira, ya timagetsi tamitundumitundu ndi kawailesi koimba nyimbo. Mtengo wake unali wotsika kwambiri moti sindinafunse aliyense. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Miyezi itatu isanathe masipoko a kumbuyo anayamba kuduka, mabawuti kumasuka okha, kaliyala kuthyoka pamene anawotcherera. Mwina ndinangogwa pa yoipa, poti ena zawo zikuyendabe. Koma vuto lalikulu ndinadzipalira ndekha: ndinailowetsa popanda mapepala. Ndinkayenda mtima uli m'mwamba, kuzemba marodibuloko, kudutsa njira zachidule zimene zinkaithera njingayo. Tsiku limene anandigwira ndinalibe chonena, chifukwa olakwa ndinali ine. Nditawonkhetsa msonkho, kulembetsa nambala ndi zimene ndinataya kwa amakaniko, kutchipa kuja kunali kutatheratu.

Ndiye pogula Boxer ndinapita nditaphunzira. Ndinagula kwa ogulitsa ovomerezeka mu Blantyre, ndi lisiti, bulubuku ndi nambala yake, n'kubwera nayo pang'onopang'ono kudzera msewu wa Midima, injini ikanali yanthete.

Njingayi imapangidwa ndi kampani ya Bajaj ya ku India. Injini yake ndi ya four-stroke, ya 144.8cc, yozizira ndi mphepo, yopanda radiyeta yoti idonthe. Yanga ili ndi magiya 4, thanki ya malita 11, mabuleki a dilamu kutsogolo ndi kumbuyo, sitata ya batani komanso kiki. Palibe chodabwitsa pamenepa, ndipo ubwino wake wagona pomwepo: mulibe zinthu zambiri zoti ziwonongeke.

Choyamba chimene ndimaiyamikira ndi kulira m'mawa. Kuno mu June ndi July, chiperoni chikatsika m'phiri, umadzuka mpando uli chinyontho, zala zitauma, phiri lonse osaoneka. Ndimatsegula mafuta, kukoka tchoko, kuponda kiki kamodzi kapena kawiri, yalira. Ndimaisiya ipume kaye mphindi ziwiri ndikumanga katundu. Batire itatha mphamvu chaka chachitatu ndinayenda milungu ingapo ndi kiki yokha ndikusonkhanitsa ndalama, ndipo palibe ulendo umene ndinalephera. Kwa munthu amene zinanazi zake ziyenera kufika pamsika ogula a ku tauni asanadzaze magalimoto awo, chimenechi n'chachikulu kuposa liwiro.

Chachiwiri ndi kusenza. Mpando wake ndi wautali, wafulati, ndipo kaliyala ndi wachitsulo chochindikala. Mashoko akumbuyo ali ndi sipuling'i ina m'kati mwa inzake, ndiye ukamanga madengu awiri m'mbali ndi thumba pamwamba njinga sikhala pansi. Ndanyamulapo matumba awiri a feteleza, malata opinda, mbuzi, ngakhale chitseko cha nyumba yathu. Pachitunda, giya yoyamba ndi yachiwiri zimakoka ngati ng'ombe yapangolo. Mayi a kunyumba, amene pa DT ankatsika akudandaula msana, pa iyi amafika ku Boma n'kubwerako osanena kanthu. Tsiku lina anandiuza okha kuti, "Bambo, njinga iyi musadzagulitse, ngakhale zitavuta bwanji."

Za mafuta ndinene momwe ndazionera ine, poti aliyense ali ndi dzanja lake. Ndikadzaza thanki, n'kumayenda modekha ndi katundu wapakatikati, ndimapitirira makilomita 400 ndisanatsegule rizevu. Ndikalemetsa katundu kapena kuthamanga, amachepa. Ubwino wa zimenezi ndinauona mafuta atayamba kusowa mu 2022, pamene tinkagona pamizere, komanso mu November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, petulo n'kukwera kufika pa K2,530 lita imodzi. Ndikanakhala ndikanali ndi DT, geni ya zinanazi ndikanaisiya chaka chimenecho. Ndi Boxer, malita asanu amene ndinkapeza pamzere ankanditengera sabata yathunthu.

Nthawi yomweyo ndi pamene ndinaichimwira njingayi. Mafuta atasoweratu ndinagula a m'zigubu kwa munthu wina m'mbali mwa msewu. Nditangoyenda pang'ono inayamba kutsamwa, kudukiza, kenako zii. Ndinaikankha mpaka kwa makaniko wanga pa Limbuli, thukuta lili kamukamu. Iye sanafunse zambiri. Anamasula kabawuti ka pansi pa kabuleta n'kukhetsera mafuta m'kabotolo koyera, n'kukakweza padzuwa. Pansi panali madzi okwana chala chimodzi, pamwamba petulo, pakati tizinyalala tofiira tikuyandama.

"Madala, mwaipatsa chiyani njinga imeneyi?"

"Achimwene, ndinalibe kochitira."

Anakhuthula thanki yonse, kutsuka kabuleta, kupemerera majeti, kupukuta pulagi. Ola limodzi lisanathe inalira ngati palibe chachitika. Kuyambira tsiku limenelo, ndikakakamizika kugula mafuta a m'zigubu ndimayamba ndawathira m'botolo n'kudikira akhazikike, kenako ndimasefa ndi kansalu.

Nkhani imeneyi ikundifikitsa pa chimene ndimachiona chachikulu kuposa zonse: njingayi amakaniko amaidziwa. Pa Limbuli, pa Chitakale, pa Nkando, ngakhale ku Luchenza, ukaima nayo supeza munthu akukanda mutu. Kebulo ya kilatchi, mashuzi a mabuleki, pulagi, tcheni ndi masipuloketi zimapezeka osakwera minibasi ya ku Limbe. Chenjezo langa ndi lakuti masipeya abodza achuluka. Ndinagulapo tcheni ndi masipuloketi otchipa pa shopu ina, paketi yake yofanana ndendende ndi yeniyeni. Miyezi iwiri yokha mano a sipuloketi anali atasongoka ngati minga, tcheni n'kumadumpha. Zimene zinabwera ndi njinga zinanditengera pafupifupi zaka ziwiri, chifukwa tcheni chake chimakhala m'chikuto chotseka, fumbi ndi matope sizichipeza msanga. Anyamata ambiri a kabaza amachotsa chikuto chimenechi ati chimasokosera. Musachotse. Mangani mabawuti ake, phokoso litha.

Kasamalidwe kanga n'kosavuta. Oyilo wa 20W-50 ndimasintha mwezi ndi mwezi nyengo ya geni, ndipo sindigula woyeza m'mabotolo a zakumwa. Fyuluta ya mpweya ndimatsuka pafupipafupi m'chilimwe, poti fumbi la mu September ndi October ndi limene limadya maring'i. Loweruka lililonse ndimagogoda masipoko ndi sipanala kumvera amene akulira mosiyana ndi anzake. Mpaka pano injini sinatsegulidwepo, kupatula kusintha mapuleti a kilatchi kamodzi, ndipo ndi katundu amene ndimaisenzetsa sindingadandaule.

Pali zina zimene muyenera kudziwa musanagule, chifukwa Boxer si DT. Mabuleki a dilamu, pa njinga ina iliyonse, akanyowa amachedwa kugwira. Kuno timawoloka timitsinje tambiri totsika m'phiri, ndiye ukangotuluka m'madzi uyenera kuyenda pang'ono ukupondaponda buleki mpaka aume, makamaka ngati kutsogolo kuli mtsetse. Madigadi akutsogolo ali pafupi ndi tayala, choncho katondo wonyowa amamatirira pakati mpaka tayala kuleka kuzungulira. Ndimayenda ndi kamtengo kokolokosera m'chikwama nyengo yonse ya dzinja, ndipo kumbuyo ndinaika tayala la mano akuluakulu. Pa tala, ukadutsa makilomita 80 pa ola, phazi limafunafuna giya yachisanu imene palibe, ndipo zogwirira zimayamba kunjenjemera. Ine sizindivuta chifukwa sindithamanga. Koma ngati ulendo wanu ndi wa Mulanje mpaka Blantyre tsiku ndi tsiku, ganizirani zimenezi. Mwa 10 ndimaipatsa 9, ndipo imodzi yotsalayo ndi ya matope basi.

Sabata imene sindidzaiwala ndi ya namondwe wa Freddy, mu March 2023. Mvula inagwa masiku angapo osakata, napolo anatsika m'phiri ndi miyala ikuluikulu, misewu inaduka, milatho ina inapita. Madzi atayamba kuphwa, magalimoto sankafika kwathu. Chemwali anga anali ndi mwana wodwala malungo, thupi lili moto. Tinamukulunga m'bulangete, mayi ake anam'fungatira pakati pathu, tinanyamuka. Pamalo ena msewu unali utasanduka khwawa. Anyamata anayi anapisa mitengo iwiri pansi pa njinga n'kuinyamula pamapewa, ife tikuwoloka wapansi madzi ali m'chiuno. Kutsidya ndinaima ndikunjenjemera, ndikuopa kuti madzi alowa mu injini. Ndinapukuta kapu ya pulagi ndi malaya, n'kuponda kiki. Kachitatu inalira. Mwanayo tinafika naye kuchipatala dzuwa lisanalowe, ndipo lero ali sitandade 4. Masiku otsatira njinga yomweyo inanyamula ufa ndi mapepala apulasitiki kupita kwa abale amene nyumba zawo zinagwa.

Kwa amene mukufuna kuchita kabaza, ndinene mosabisa. Njinga yopirira imanyengerera mwini wake kuti aisenzetse mopitirira. Ndimaona anyamata atakweza anthu atatu ndi thumba la chimanga, opanda chisoti, akutsetsereka ngati akuthawa moto. Mabuleki amene anawapangira anthu awiri sangaimitse anthu anayi. Tataya ana ambiri m'misewu yathuyi, ena ndinkawadziwa ndi makolo awo omwe. Gulani zisoti ziwiri, chanu ndi cha kasitomala. Lipirani inshuwalansi. Dziwaninso kuti laisensi ya kodi A1 imathera pa 125cc, ndiye BM 150 imafuna kodi A. Ngati ndalama zanu n'zochepa ndipo mukungonyamula anthu m'misewu yosakwera kwambiri, ilipo Boxer yaing'ono ya 100cc imene imamwa mafuta ochepa kuposa iyi. Koma wa katundu ndi zitunda ngati ine, atenge 150.

Mukagula yakale, pitani ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsayo. Muiwone m'mawa injini ili yozizira, muone ngati ikutulutsa utsi wabuluu, mugwedeze tayala lakumbuyo, ndipo nambala ya injini ndi ya tchesisi zifanane ndi zimene zalembedwa mu bulubuku. Wogulitsa akayamba zoti mapepala abwera mawa, bwererani ndi ndalama zanu.

Mnyamata uja ndalama zake zinaperewera pang'ono. Ndamuuza kuti asathamangire ku Milange monga ndinachitira ine, adikire agulitse nandolo wotsalayo. Tagwirizana kuti zikakwana tidzapita limodzi ku Blantyre pa njinga yangayi, pobwera aliyense adzakwere yake.