Nyamakazi ya psoriasis: mapiritsi, jakisoni kapena diripi?

Munthu wodwala nyamakazi yobwera ndi psoriasis, matenda aja otuwitsa khungu n'kumafundula, amakhala pa mankhwala zaka zambiri. Choncho kalandiridwe kake nakonso ndi nkhani: motani, komanso kangati.

Mapiritsi: methotrexate kamodzi pa sabata, apremilast kawiri pa tsiku.
Jakisoni: adalimumab, kudzibaya nokha pamimba kapena pantchafu pakatha masabata 2 alionse.
Diripi: infliximab, kuchipatala, pafupifupi maola 2. Mukadutsa maulendo oyambirira, pakatha masabata 8 alionse.

Pa mtengo palibe mpikisano. Methotrexate ndi wotchipa, ndipo madokotala ambiri amayambira pamenepo. Enawo amaboola m'thumba.

Komabe methotrexate ali ndi msampha. Mukasokoneza n'kumamwa tsiku lililonse, atha kukuphani. Sankhani tsiku limodzi, kaya Lamulungu, mulilembe pakabokosi ka mankhwalawo. Amafunanso kuyezetsa magazi pafupipafupi kuti aone chiwindi, ndipo mayi woyembekezera asamwe n'komwe.

Jakisoni amasungidwa m'furiji, ndiye kumene magetsi amazimazima mutu umakula. Adalimumab ndi infliximab amafooketsanso chitetezo cha m'thupi, n'chifukwa chake amayamba akuyezani TB.

Woopa singano koma wosaiwala msanga, mapiritsi amuyenera. Amene methotrexate wakanika kumuthandiza, ndipo ali ndi furiji yodalirika, akambirane ndi dokotala za jakisoni. Diripi ndi ya wokhala pafupi ndi chipatala chachikulu, amene safuna kudzibaya yekha.